Siteshoni ya Sitima ya Muizenberg ku Cape Town: Mbiri Yake ndi Malangizo a Kakweredwe

Abale athu ochokera ku Malawi amene angofika kumene ku Cape Town, makamaka amene apeza pogona ku Capricorn, ku Vrygrond kapena ku Masiphumelele, amandifunsa kawirikawiri za sitima yodutsa ku Muizenberg. Amafuna kudziwa pamene imakwereredwa, mmene tikiti imagulidwira, komanso chifukwa chimene munthu amakwera sitima yolowera kolondola koma n'kukatsitsidwa panjira asanafike kumene akupita. Zofotokoza pa foni zimalowa khutu ili n'kutulukira linalo, choncho ndaona kuti ndi bwino kuzilemba zonse pamalo amodzi. Sitima ya pa njanji imeneyi ndi yotsika mtengo kuposa minibasi, ndipo masiku ano ikuyenda bwino poyerekeza ndi zaka zimene inatsala pang'ono kufa, koma imafuna munthu amene wasankha siteshoni yoyenera ndiponso amene amayang'ana kumene sitima ikukathera asanaponde m'kati. Tsatirani ndondomekoyi monga momwe ndaisanjira.

1. Yambani mwadziwa njanji yanu ndi masiteshoni ake.

Masitima onyamula anthu m'kati mwa mzinda amayendetsedwa ndi Metrorail, nthambi ya bungwe la boma lotchedwa PRASA, ndipo njanji iliyonse ili ndi dzina lake. Ya ku Muizenberg imatchedwa Southern Line, ndipo imachokera pa siteshoni yaikulu ya Cape Town n'kukathera ku Simon's Town, mtunda wa makilomita pafupifupi 36. Kuchokera ku Cape Town masiteshoni amatsatizana motere: Woodstock, Salt River, Observatory, Mowbray, Rosebank, Rondebosch, Newlands, Claremont, Harfield Road, Kenilworth, Wynberg, Wittebome, Plumstead, Steurhof, Diep River, Heathfield, Retreat, Steenberg, Lakeside, False Bay, kenaka Muizenberg, yomwe ndi siteshoni ya nambala 21 mukachoka ku Cape Town. Kupitirira pamenepo kuli St James, Kalk Bay, Fish Hoek, Sunny Cove, Glencairn ndi Simon's Town. Lembani mayinawa papepala kapena mu foni, chifukwa pa ulendo woyamba ndi amene adzakuuzeni ngati muli pa njira yoyenera. Mayina ena mungawapeze atalembedwa mu Chiafrikaans, monga Dieprivier m'malo mwa Diep River ndi Valsbaai m'malo mwa False Bay, koma malo ake ndi omwewo. Dziwaninso kuti eni dera akanena kuti akupita ku "Town" amatanthauza pakati pa mzinda wa Cape Town, osati Simon's Town, ndipo kusokoneza ziwirizi kungakupititseni kumapeto kwina kwa njanji. Zonse zikakhala bwino, ulendo wa pakati pa Cape Town ndi Muizenberg umatenga mphindi pafupifupi 50.

2. Tsimikizani ngati Muizenberg ndiyedi siteshoni yanu.

Ambiri amalakwitsa pano asanagule n'komwe tikiti. Dzina la Muizenberg limagwiritsidwa ntchito pa dera lalikulu, moti munthu wokhala ku Capricorn kapena ku Vrygrond akamalemba keyala yake amatchula Muizenberg, koma siteshoni yokhala ndi dzinali ili kumapeto kwenikweni kwa deralo, pamene phiri lakumana ndi nyanja, kutali ndi msewu wa Prince George Drive kumene kuli makomboniwo. Ngati mukukhala kumeneko, siteshoni zimene zingakuthandizeni ndi Steenberg, imene ili pa msewu wa Military Road, kapena Retreat, pamene pali malo aakulu okwerera maminibasi. Ngati ntchito yanu ili m'nyumba za pafupi ndi msewu wa Albertyn Road ndi m'mbali mwa dambo la Zandvlei, tsikani pa False Bay. Siteshoni ya Muizenberg ndi ya munthu wopita kugombe la Surfer's Corner, kumalo odyera ndi masitolo a m'mphepete mwa nyanja, kapena kunyumba za m'mbali mwa Main Road mmunsi mwa phiri.

Chifukwa chimene siteshoniyi inakhalira pamalo otero chili mu mbiri yake, ndipo mbiriyo ndi yofunika kuidziwa kuti musadabwe kuti njanji inalambalala kumene kuli anthu ambiri. Chigawo choyamba cha njanjiyi chinatsegulidwa mu 1864 kuchokera ku Salt River kufika ku Wynberg, ndipo chinamangidwa ndi kampani yoima payokha. Boma la Cape litatenga njanji m'manja mwake m'zaka za m'ma 1870, linachepetsa mpata wa pakati pa zitsulo kufika pa mamilimita 1,067, womwenso ndi muyezo wa njanji ya ku Malawi, ndipo linapitiriza ntchitoyo kulowera kumwera. Sitima inafika ku Muizenberg mu December 1882, ku Kalk Bay mu 1883 ndi ku Simon's Town mu 1890. Kwathu sitima inafika ku Blantyre mu 1908, patapita zaka 26 chifikireni ku Muizenberg. Njanji inatsata msewu wakale wopita ku Simon's Town, kumene kunali doko la asilikali apamadzi a Britain, ndipo n'chifukwa chake imakanirira mmunsi mwa phiri.

Sitima itafika, Muizenberg inasanduka malo a tchuthi a azungu olemera, ena ochokera kutali ku Kimberley ndi ku Johannesburg. Cecil Rhodes, yemwe kampani yake ya British South Africa Company inkathandiza ndi ndalama boma la atsamunda la Harry Johnston m'dziko lathu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, anali ndi kanyumba m'mbali mwa Main Road chakumwera kwa siteshoni, ndipo anamwalira momwemo pa 26 March 1902. Siteshoni inamangidwira alendo a kunyanja oterowo, osati antchito. M'nthawi ya tsankho, lamulo la 1953 lolekanitsa mitundu pa malo a aliyense linakhwimitsa kuti gombe, mabenchi, makomo a masiteshoni ndi mabogi a sitima zikhale ndi mbali ya azungu ndi ya ena, ndipo lamulo la Group Areas Act la 1950 linachotsa anthu osakhala azungu m'madera ambiri a m'mbali mwa njanji n'kuwakankhira kuchigwa chamchenga cha Cape Flats ndi kumalo ngati Ocean View. Malamulowo anathetsedwa, koma nyumba ndi njanji zinatsala pomwe zinali, ndipo mpaka lero wantchito ndi amene amayamba wakwera minibasi kapena kuyenda pansi mtunda wautali kuti akapeze sitima.

3. Izindikireni nyumba ya siteshoni ndi mbali zake ziwiri.

Nyumba imene ilipo lero inatsegulidwa mu 1913, patapita zaka zitatu chikhazikitsireni dziko la Union of South Africa. Ndi yansanjika, yomangidwa ndi njerwa zofiira, ili ndi makomo okhota pamwamba, ndipo padenga pake pali kansanja ka wotchi kopangidwa ndi matabwa a teak, kamene kamaonekera patali mukaima pa mchenga. Ndi imodzi mwa nyumba zotetezedwa ndi malamulo osunga mbiri, ndipo m'maganizo mwanga palibe siteshoni ina pa njanji yonseyi yoposa imeneyi kukongola. Khomo lake lalikulu lili ku Main Road, kumbali ya phiri, moyandikana ndi kanyumba koyera kakale ka Adatchi kotchedwa Het Posthuys, ndipo chapafupi pomwepo ndi pamene asilikali a Britain anamenyana ndi Adatchi pa 7 August 1795. Mbali inayo ya siteshoni yayang'ana kunyanja, moti mukaima pa pulatifomu mafunde amaswekera pamiyala imene ili mmunsi mwanu ndipo tsiku la mphepo mumamva mchere pamilomo.

Ku South Africa masitima amayenda kumanzere ngati magalimoto, choncho masiku onse sitima yopita ku Cape Town imaima kumbali ya nyumba ya siteshoni, pamene yopita ku Kalk Bay ndi Fish Hoek imaima kumbali ya nyanja. Zimenezi zimasintha njanji imodzi ikatsekedwa chifukwa cha ntchito yokonza, ndiye mverani zolengeza ndipo muone kumene anthu ovala zakuntchito aima. Kuti muoloke kupita tsidya linalo gwiritsani ntchito kanjira kodutsa pansi pa njanji, kamene eni ake amakatchula kuti "subway". Musadumphire m'njanji ngakhale muone ena akutero.

4. Gulani tikiti yogwirizana ndi kayendedwe kanu.

Tikiti imagulidwa pawindo la siteshoni, ndipo safunsa pasipoti kapena chiphaso chilichonse. Nyamulani ndalama zosinthasintha kuti musachedwetse mzere. Tchulani siteshoni imene mukupita ndi mtundu wa tikiti: "single" ndi ya ulendo umodzi, "return" ndi yopita ndi kubwerera tsiku lomwelo, "weekly" ndi ya sabata, ndipo "monthly" ndi ya mwezi. Mtengo umatengera kutalika kwa ulendo, ndipo mitengo inakwera mu August 2025 patatha zaka khumi isanasinthe, choncho musadalire chiwerengero chimene anakuuzani munthu amene anasiya kalekale kukwera sitima; werengani chimene chamatidwa pawindo. Tikiti ya mwezi imatsata mwezi wa pa kalendala, kutanthauza kuti mukaigula pa 15 idzathabe pakutha pa mwezi womwewo, ndipo ya sabata imawerengedwa kuyambira Lolemba. Ngati mumagwira maganyu a masiku awiri kapena atatu pa sabata, m'madera osiyanasiyana, musathamangire ya mwezi. Werengani kaye maulendo anu enieni. Khadi ya mabasi a MyCiTi kapena a Golden Arrow sigwira ntchito pa sitima.

Musanachoke pawindo yang'anani tsiku ndi mayina a masiteshoni amene asindikizidwa. Tikiti ndi kapepala kopyapyala kamene zilembo zake zimafufutika kakanyowa kapena kakakhala padzuwa, choncho ya sabata ndi ya mwezi muziisunga m'kathumba ka pulasitiki. Musaitaye mukakwera, chifukwa imafunidwa m'sitima komanso pachipata chotulukira, ndipo wopezeka alibe amalipitsidwa chindapusa choposa mtengo wa ulendo. Pa siteshoni ngati ya Muizenberg, imene mbali imodzi ndi yotseguka kunyanja, mungaganize kuti palibe amene akuonani, koma pachipata cha ku Wynberg, ku Claremont kapena ku Cape Town mudzafunsidwa ndithu, ndipo mlendo m'dziko la eni sayenera kudziputira nkhani ndi alonda chifukwa cha marandi ochepa.

Mukamva achikulire akunena za Metro ndi MetroPlus, dziwani kuti akukamba za masitima akale achikasu ndi otuwa, amene anali ndi mabogi a mitengo iwiri, motsata kalasi yachitatu ndi yoyamba za kale. Masitima atsopano abuluu ali ndi kalasi imodzi ya aliyense.

5. Werengani ndandanda kuti mudziwe kumene sitima ikukathera.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ambiri okulangizani amangoti "kwerani ya ku Simon's Town" n'kusiyira pomwepo. Si sitima iliyonse yochoka ku Cape Town pa njanji imeneyi imene imafika ku Muizenberg. Ina imathera ku Retreat, ina ku Fish Hoek, ndipo yopitirira ku Simon's Town ndi yochepa. Retreat ili masiteshoni anayi musanafike ku Muizenberg, kotero mukakwera yothera ku Retreat mudzatsitsidwa pamenepo n'kudikira ina, monga momwe minibasi yakwathu imakugulitsirani kwa inzake pa Lunzu inu mutalipira ya ku Zalewa. Yothera ku Fish Hoek ndi yothera ku Simon's Town zonse zimaima pa Muizenberg.

Vuto lachiwiri ndi loti pali njanji ziwiri zopita ku Retreat. Kuwonjezera pa Southern Line pali Cape Flats Line, imene imachokanso ku Cape Town n'kudutsa ku Woodstock ndi Salt River, koma pamenepo imapatuka kulowera ku Maitland, Pinelands, Athlone, Lansdowne, Ottery ndi Southfield, n'kudzakumananso ndi inzake pa Heathfield isanathere ku Retreat. Masitima onse awiri amalembedwa kuti Retreat kutsogolo. Munthu wopita ku Claremont kapena ku Wynberg akakwera ya Cape Flats sadzawaona n'komwe malo amenewo.

Njira yosiyanitsira ndi nambala ya sitima. Sitima iliyonse ili ndi nambala ya manambala anayi imene imalembedwa pamwamba pa mzere wake mu ndandanda. Za Southern Line zimayamba ndi 01 kapena 02, pamene za Cape Flats zimayamba ndi 05. Nambala yothera ndi 1, 3, 5, 7 kapena 9 ndi ya sitima yochoka ku Cape Town, ndipo yothera ndi 0, 2, 4, 6 kapena 8 ndi ya sitima yopita ku Cape Town. Ndandanda imasanjidwa motere: mayina a masiteshoni ali kumanzere kutsika mmunsi, ndipo sitima iliyonse ili ndi mzere wake woimirira wa nthawi. Musayambe n'kufufuza nthawi yonyamukira monga amachitira ambiri. Ikani chala pa dzina la Muizenberg, muyendetse chalacho cham'mbali mpaka mupeze nthawi imene mukufuna kufika, kenaka mukwere nacho mumzere womwewo kufika pa siteshoni imene mukukwerera, ndipo pomaliza muwerenge nambala imene ili pamwamba. Ngati pa dzina la Muizenberg palibe nthawi, pangokhala mpata kapena timadontho, ndiye kuti sitima imeneyo sifika. Onetsetsaninso kuti pepala limene mukuwerengalo ndi la tsiku loyenera, chifukwa ndandanda ya Lolemba mpaka Lachisanu ndi yosiyana ndi ya kumapeto kwa sabata ndi ya masiku a tchuthi, pamene masitima amakhala ochepa kwambiri. Nthawi imalembedwa mowerenga maola 24, kotero 17:20 ndi mphindi 20 itakwana 5 koloko madzulo.

Pa siteshoni ya Cape Town pali mapulatifomu oposa 20, ndipo masitima a Southern Line amanyamukira pa manambala oyambirira. Yang'anani nambala ya sitima yanu pa chikwangwani chamagetsi cha mu holo, kenaka mukafika pa pulatifomu muwerengenso zolembedwa kutsogolo kwa sitimayo. Mukafuna kufunsa, musafunse ngati sitima ikupita "kunyanja" kapena "ku south", chifukwa aliyense adzangovomera. Funsani ngati ikuima pa Muizenberg, ndipo funsani wogwira ntchito wovala yunifolomu.

Mayeso omaliza ali pa Salt River. Sitima ikachoka pamenepo, siteshoni yotsatira iyenera kukhala Observatory. Mukaona Koeberg Road kapena Maitland, dziwani kuti mwapatuka. Ngati nambala yake ikuyamba ndi 05, khalani momwemo mpaka ku Retreat ndipo mukasinthe kumeneko, pakuti mwangotaya nthawi koma simunasochere. Ngati ndi ya ku Bellville kapena kwina, tsikani pa Maitland, muwafotokozere ogwira ntchito, ndipo mubwerere ku Salt River. Pobwerera kuchokera ku Muizenberg zinthu ndi zosavuta, chifukwa sitima iliyonse yolowera kumpoto imadutsa ku Wynberg ndi Claremont. Wopita ku Athlone kapena Ottery asinthe pa Retreat kapena Heathfield, ndipo wopita ku Bellville, Langa kapena Khayelitsha asinthe pa Salt River kapena pa Cape Town penipeni.

6. Dikirani ndi kukwera mosamala.

Fikani mphindi khumi nthawi isanakwane ndipo muime kumbuyo kwa mzere wachikasu. Njanjiyi inayamba kuyendera magetsi mu 1928, ndipo mawaya amene ali pamwamba pake lero amanyamula mavoti 3,000, choncho ngati mwanyamula chitsulo chachitali, makwerero kapena ndodo yowedzera nsomba, muziigwira chogoneka. Sitima yamagetsi simveka patali, ndipo pa Muizenberg mkokomo wa mafunde ndi mphepo umabisa ngakhale kulira kwa hutala. Pamalo pamene msewu wadutsa njanji, monga pa Albertyn Road pafupi ndi False Bay ndi pa Military Road ku Steenberg, pali mipiringidzo imene anthu amaitchula kuti "booms". Ikatsika imani, ndipo sitima imodzi ikadutsa musathamangire kuoloka, pakuti ina ikhoza kukhala ikubwera kuchokera mbali inayo, itabisika kuseri kwa yoyambayo. Lolani otsika atuluke kaye, ndipo muyang'ane mpata wa pakati pa pulatifomu ndi sitima, makamaka ngati mwagwira mwana padzanja.

7. Sungani malamulo a m'sitima zatsopano.

Masitima abuluu amatchedwa Isitimela Sabantu, kutanthauza sitima ya anthu, ndipo amapangidwa ndi kampani ya Gibela ku Dunnottar m'chigawo cha Gauteng potsata mgwirizano wa 2013 wa masitima 600. Iliyonse ili ndi mabogi asanu ndi limodzi olumikizana m'kati, moti mukhoza kuyenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Muli makamera, makina oziziritsa mpweya ndi zikwangwani zosonyeza siteshoni yotsatira, ndipo sitima sinyamuka zitseko zisanatsekeke, choncho wotchinga chitseko ndi phazi kuti mnzake akwere akuchedwetsa anthu onse. Mulibe chimbudzi, ndiye konzekeranitu musanakwere. Kudya, kumwa, kusuta, kugulitsa malonda, kutchova juga ndi kulalikira ndi zoletsedwa. Ife amene tinazolowera kuti ulendo wa pa basi umayamba ndi mlaliki ndi pemphero timadabwa nalo lamulo lomalizali, ndipo m'masitima akale munalidi mabogi amene anthu ankachitiramo mapemphero ndi nyimbo m'mawa uliwonse, koma mu atsopanowa alonda amaletsa. Ngati mukupitirira Muizenberg kulowera ku Fish Hoek, khalani kumanzere, chifukwa kuyambira pamenepo njanji imayenda m'mphepete mwenimweni mwa madzi, kudutsa timanyumba tamitundumitundu ta ku St James ndi doko la asodzi la Kalk Bay.

8. Dzitetezeni, koma musaope mopitirira muyeso.

Amene amakuopsezani za sitima sakunama, koma ambiri akukamba za nthawi imene inapita. M'zaka za pakati pa 2015 ndi 2019 mabogi ambiri anatenthedwa, mawaya ankabedwa, ndipo masitima ankachedwa maola athunthu. Mu November 2019 moto unapsereza mabogi 18 pa siteshoni ya Cape Town usiku umodzi. Mu March 2020 masitima onse anaima chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo katundu wambiri wa njanji anaonongedwa m'miyezi imeneyo. Southern Line inali m'gulu la njanji zoyambirira kutsegulidwanso, poyamba mpaka ku Retreat, kenaka pang'onopang'ono kulowera kumwera. Dziwaninso kuti chitetezo chanu m'sitima ndi udindo wa oyendetsa sitima mwalamulo, osati chifundo chawo: mu 2004 khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula motero pa mlandu umene unayambitsidwa ndi gulu la apaulendo lotchedwa Rail Commuters Action Group, mnyamata wina wa ku Fish Hoek atabayidwa m'sitima ya pa njanji yomweyi mu 2001 n'kumwalira. Chigamulocho chimateteza wokwera aliyense, nzika ndi mlendo yemwe.

Komabe mbala sizinathe. Khalani m'bogi limene muli anthu ndi alonda, musatulutse foni pafupi ndi chitseko sitima ikamaima, ndipo chikwama chikhale kutsogolo kwanu. Tsiku lolandira malipiro musayende ndi ndalama zonse m'thumba limodzi. Ngozi yambiri masiku ano ili panjira yopita ku siteshoni ndi m'tinjira tapansi m'mamawa kusanache, makamaka m'nyengo yozizira ya June ndi July pamene dzuwa limatuluka 8 koloko itayandikira, choncho muziyenda ndi anzanu.

9. Konzekerani tsiku limene sitima sifika.

Kuchokera ku Fish Hoek kupita ku Simon's Town njanji ndi imodzi yokha, ndipo m'chilimwe mphepo yamphamvu yochokera kumwera chakum'mawa, imene amaitchula kuti "southeaster", imaunjika mchenga pa zitsulo, makamaka cha ku Glencairn. Pa chifukwa chimenechi ndi zina, nthawi zambiri apaulendo amatsika pa Fish Hoek n'kukwera sitima ina yongoyenda pakati pa Fish Hoek ndi Simon's Town, ndipo masiku ena chigawo chimenecho chimatsekedwa. Mukamva mawu akuti "all change" ndiye kuti sitima yathera pamenepo ndipo aliyense atsike. Wopita ku Masiphumelele kapena ku Ocean View atsike pa Fish Hoek n'kukwera minibasi pamalo amene ali pambali pa siteshoni, chifukwa njanji sifika kumeneko.

Kuno minibasi imatchedwa "taxi", malo ake okwerera ndi "rank", ndipo kondakitala woitanira pachitseko ndi "gaatjie". Sitima ikaima, tulukani ku Main Road kumene kumadutsa maminibasi ndi mabasi a Golden Arrow olowera ku Retreat ndi Wynberg. Muzikhala nthawi zonse ndi ndalama yapadera ya ulendo umodzi wa minibasi, ngakhale muli ndi tikiti ya mwezi, ndipo muwatumizire uthenga abwana anu nthawi yomweyo, mutatchula nambala ya sitima imene yachedwa. Metrorail imalengeza za kuchedwa ndi kusintha kwa ndandanda pa masamba ake a Facebook ndi X, ndipo ndi bwino kuyang'ana musanatuluke m'nyumba. Sitima ikaima pakati pa masiteshoni, musakakamize chitseko kuti mutsikire m'njanji. Dikirani malangizo a ogwira ntchito.

10. Dziwani nthawi ya sitima yomaliza musanavomere ntchito ya madzulo.

Masitima a pa njanjiyi sayenda usiku wonse. Abale ambiri amapeza ntchito m'malo odyera a ku Muizenberg ndi ku Kalk Bay, kumene khitchini imatsekedwa mochedwa, ndipo amazindikira tsiku loyamba lomwelo kuti sitima yomaliza inadutsa kale. Musanagwirizane za maola, werengani mzere womaliza wa ndandanda ya mbali imene mukubwerera, ndipo mufunse abwana ngati amapereka galimoto yotula antchito usiku, komanso ngati ndalama yake imadulidwa pa malipiro. Musamadalire sitima yomaliza yeniyeniyo, koma imene imadutsa yomalizayo isanabwere, kuti ina ikalephereka mukhale ndi pogwira.

Ngati mukukalandira m'bale amene akufika pa basi kuchokera ku Johannesburg, mabasi a maulendo ataliatali amathera pambali pa siteshoni ya Cape Town, ndipo malo a maminibasi ali padenga pa siteshoni yomweyo. Basi ikafika masana, mugulireni tikiti ya "single" ndipo mupewe nthawi ya pakati pa 4 ndi 6 koloko madzulo, pamene mabogi amadzaza ndi obwerera kuntchito moti zikwama zazikulu zimasowa poikidwa. Ikafika usiku, konzeranitu galimoto, ndipo muuzeni m'baleyo asatuluke pa malo odikirira mabasi mpaka inu mutafika.